Wamkulu Ndani Pampando wa Kumanzere?

Aphungu,

M'thumba la jekete langa muli kalata ina, yomata kale, sitampa ili pamwamba. Ndayenda nayo masiku asanu ndi anayi. Kawiri ndafika nayo pa positi ofesi ya ku Old Town n'kubwerera nayo. Ndati ndiyambe ndamva kwa inu, ngakhale sindikudziwani, ndipo sindidziwanso amene amatsegula makalata anu inu musanawaone. N'chifukwa chake mayina onse ndawasintha. Mukhululuke kalembedwe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3 ya kumishoni, koma ndagwira umesenjala zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo wonyamula makalata amaona zambiri zimene olemba amaganiza kuti abisa.

Nkhani ndi ya mwana wa mlongo wanga. Ndimutchule Mackford, mayi ake ndiwatchule Efelo. Bambo ake anamwalira iye akadali kumsana, choncho wamulera ndine, mwinimbumba ndinenso. Amayendetsa ndege pa kampani ina imene sinditchula, ndege zija zimatera pabwalo lakale lino popita Kumpoto ndi Kummwera. Chaka chino ndi chachisanu ndi chiwiri ali pantchitoyi.

Atangoyamba anandiuza kuti kutsogolo kwa ndege kuli mipando iwiri, ndipo iye amakhala wa kumanja. Ndinakondwa. Dzanja lamanja ndi limene timadyera, ndi limene timapatsira moni, ndipo m'Buku Lopatulika wokhala kudzanja lamanja mukumudziwa. Zaka zinayi ndinkauza anthu kutchalitchi kuti mwana wathu ndiye mwini chiwongolero, mzungu amangokhala pambali kumuthandiza. Palibe anandiwongolera, ngakhale Mackford mwini wake. Ndinadzamva zoona nditayamba ntchito yosamala maluwa ku Area 10, kunyumba ya kaputeni wachizungu amene Mackford amauluka naye. Khukhi wa pamenepo, Che Sumaila, atandimva ndikudzitama anaseka mpaka anakhala pathumba la makala.

"Madala, m'ndege zinthu n'zotembenuza," anatero. "Wa kumanzere ndiye mwini ulendo. Wa kumanja ali ngati ine ndi inu, ntchito yake ndi inde bwana."

"Mukunama, Che Sumaila."

"Malaya awo ndimasita ndine. Pamapewa a bwana pali mizere inayi. Mwana wanu ingati? Kawerengeni, masamu a mpaka folo munaphunzira."

Lamulungu lotsatira ndinawerenga. Inali itatu. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuyankhula za ndege kutchalitchi, ndipo ndinayamba kudikira mzere wachinayiwo.

Kudikira ndimakudziwa, Aphungu. Pa ofesi ina ku Old Town ndinali wachiwiri kwa hedi mesenjala. Mkuluyo maondo anali atatha, ndipo aliyense ankadziwa kuti akapuma, chisoti ndi changa. Ndinadikira zaka zisanu ndi zitatu. Njinga yake ikaphulika, womata ndinali ine. Mwezi umene anapuma ndi mwezi umene malole anayamba kufika kuchokera ku Zomba atasenza makabati a mafayilo. Pamwamba pa kabati ina panakhala munthu atafunda ambulera. Atatsika anandifunsa pamene hedi mesenjala amapachika jekete. Ndinamuonetsa msomali. Anapachikapo yake. Nditafunsa, anandiuza kuti zinalembedwa kale. Amene analemba sindinamuone mpaka lero. Chaka chisanathe anati ku Kapitolo kuli masitepe ambiri, miyendo yanga singakwanitse, ndipo ndinapuma. Lero, imvi zili mbuu, ndikutchedwa gadeniboyi, ndikutchetcha kapinga pamalo pamene ndinkakumba mbewa ndili mwana.

Chaka chatha kunamveka kuti a Kaputeni zaka zawo zouluka zakwana. Akuti pantchito yawo munthu akafika msinkhu wina amatsika, ngakhale maso akuona bwino. Akubwerera kwawo kutha kwa mwezi uno. Mpando wa kumanzere utsala wopanda munthu, ndipo kunamvekanso kuti ulendo uno saitana wina wakunja, apatsa mmodzi mwa ana athu. Oyenera anali awiri: Mackford ndi mnzake amene anaphunzira naye kunja, ndimutchule Paxton.

Ndinamupeza Mackford kwa mayi ake ku Area 4 n'kumufunsa mwachindunji kuti kodi amasankha bwanji.

"Amatsata ukulu, atsibweni," anatero. "Pali mndandanda. Wamkulu ndiye amayamba, akakhoza mayeso."

"Ukulu basi?"

"Ukulu basi."

Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa Paxton ndimamudziwa kuyambira ali m'mimba. Mayi ake, a Naphiri, anali a mudzi woyandikana ndi wathu. Paxtonyo anabadwa chaka cha njala, 1949, Mackford ali kale ndi zaka zitatu akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Khadi la ubatizo la Mackford ndimasunga ine m'kachitini, ndipo palembedwa 1946 ndi dzanja la mbusa amene sankanama. Ndinagula nsapato zatsopano zoti ndidzavale tsiku lake.

Masabata awiri apitawo, Loweruka masana, kunali phwando lotsazikana ndi a Kaputeni pakapinga pawo. Ine ndinali kuseri kwa mpanda wa maluwa ndikuthirira, ngakhale ndinali nditathirira kale m'mawa. A Kaputeni anayankhula Chingerezi chambiri, kenako anavula chipewa chawo cha ntchito n'kumuveka Paxton. Anthu anaomba m'manja. Mackford nayenso anaomba, akumwetulira ngati munthu amene wauzidwa kuti amwetulire. Kwathu munthu akamalowa m'malo a wina, akuluakulu a mbumba amakhala pansi, nkhani imayendera pabwalo, aliyense amamva chifukwa chake. Apa wamkulu anaima pambali atagwira tambula, wamng'ono atavala chipewa, ndipo panalibe wofunsa. Madzi anasefukira m'bedi la maluwa ine osaona.

Mwina munena kuti anatsata khalidwe. Ndikuuzeni khalidwe la awiriwa. Chaka chimene anatisamutsa m'midzi yathu kuti Likulu limangidwe ndi chaka chimene anyamatawa anabwera kuchokera kumaphunziro. Onse awiri analandira telegalamu tsiku limodzi yowaitana kukayamba ntchito pa 3 mwezi wotsatira. Paxton anakwera basi, kusiya mayi ake akukweza okha mitondo ndi nkhuku palole. Ife tinali ndi manda oti titsazike, chifukwa nyumba zimasamuka koma manda amatsala. Ndinamuuza Mackford kuti ndege sizithawa, koma bambo ako ndi agogo ako sakwera nafe lole. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukatumiza telegalamu yopempha masiku, ndipo anamulola. Tinalambula manda, tinamanga chiliza cha bambo ake, tinapemphera, anawakhazika mayi ake pamalo atsopano, n'kupita patatha masiku khumi ndi awiri. Ameneyo ndiye mwana womvera. Ngati ndi khalidwe, ndani woyenera mpando pa awiriwa?

Tsono ndakhala ndikulumikiza zinthu, monga ndinkachitira ndi maenvulopu. Paxton anakwatira mkazi wa ku Zomba, ndimutchule Ursula, amene anabwera ndi malole a mafayilo aja. Lero amataipa mu ofesi ya kampani ya ndegeyo ku City Centre. Mndandanda umene Mackford akunenawo, amautaipa ndani? Taonani zaka ziwirizi, 1946 ndi 1949. Zikusiyana nambala imodzi yokha, ndipo 6 ndi 9 ndi nambala imodzi, kungoitembenuza. Munthu wa makina otaipira sizingamutengere nthawi yomwera tiyi. Ine sindinaphunzire, koma zimenezi ndaziona ndekha popanda wondithandiza.

Chinanso. Mwezi wathawu ndinamuona Paxton masana mumsewu wa Malangalanga, pakhonde la botolo sitolo, atavala malaya oyera a ntchito, botolo lili m'manja. Ndinali tsidya lina la msewu ndipo basi inadutsa pakati pathu, choncho chimene chinali m'botolomo sindinachione bwino. Koma munthu wofuna zoziziritsa kukhosi amapita kugolosale.

Lamulungu la pambuyo pa phwando lija ndinatenga khadi la ubatizo n'kupita nalo ku Area 4. Ndinaliika patebulo pamaso pa Mackford.

"Tenga ili, ukawaonetse mabwana ako."

Anayang'ana khadi, kenako anayang'ana mayi ake.

"Atsibweni, zisiyeni. Palibe chalakwika. Pali a kaputeni ena amene apume chilimwe chamawa, nthawi yanga ifika."

"Wakudyetsa chiyani Paxton?"

"Ndi mnzanga. Mwezi wamawa ndiyamba kukhala kumanja kwake."

"Iwe, mkulu, kunena inde bwana kwa mwana amene unkamupukuta mamina?"

"Ukulu wake si umenewo, atsibweni. Amawerenga kuyambira…"

"Mackford, tseka pakamwa," anamudula mayi ake. "Achimwene, tiyi akuzizira. Shuga ndakuikirani atatu, monga mumakondera."

Mayi ndi mwana anaponyerana diso. Ndinaona. Efelo sanayambe wandiikirapo masupuni atatu popanda chifukwa. Pali chimene akundibisira. Kaya awaopseza, kaya awanyengerera, sindikudziwa, koma mwana amene ndinamulera sangalole kuberedwa masana n'kumaomba m'manja.

Ndiye ndalemba kalata ija kwa mkulu wa kampani. Dzina sindinaike, ndasaina kuti Wokonda Chilungamo. Ndalemba papepala labwino la buluu limene adona a Kaputeni anataya polongedza katundu. Ndanena ziwiri: kuti wotaipa anatembenuza zaka, ndiponso kuti Paxton amamwa atavala yunifolomu. Sindinauze munthu, ngakhale Che Sumaila dzana anandigwira thumba n'kunena kuti, "A Hedi Mesenjala, kalata iyi yakhalitsa, mwaiwala adiresi?" Munthu ameneyu maso ake sindiwakonda.

Aphungu, ine zanga zinapita. A Kaputeni akanyamuka, ntchito ya maluwa nayo yatha. Chimene ndikufuna ndi chimodzi: ndisanatseke maso ndione mmodzi wa m'mbumba mwanga atakhala pampando umene ndi wake, osati kuonetsa wina msomali. Kodi ndiponye kalatayi mmene ilili, kapena ndiikemo ndi khadi la ubatizo kuti akhale ndi umboni? Ndipo ngati nanunso muli kumbali yawo, mungondiuza, sindidabwa.

J. Z.,
Lilongwe.


Bambo J. Z.,

Chotsani kaye dzanja m'thumba la jeketelo, mukhale pansi. Kalata yanu ndatsegula ndekha, ndaiwerenga kawiri, ndipo sindili kumbali ya wina aliyense koma ya Mackford, kumene inunso mukuti muli. Yankho lalifupi ndi ili: musaponye, kaya ndi khadi kaya popanda khadi.

Palibe amene watembenuza 6 kukhala 9. Inu ndi mwana wanu munagwiritsa ntchito liwu limodzi, koma aliyense akutanthauza zake. Ndakafunsa kwa munthu amene wakalambira pantchito za ndege, ndipo wandiuza kuti m'makampani ambiri ukulu wa oyendetsa ndege sawerengera tsiku lobadwa. Amawerengera tsiku limene munthu analembedwa ntchito. Zili ngati pachigayo: chitini chimene chafika poyamba ndicho chimagayidwa poyamba, ngakhale mwini wake ndi mtsikana ndipo kumbuyo kwake kwaima gogo. Wolowa Lolemba ndi mkulu kwa wolowa Lachiwiri, ndipo amakhala mkulu mpaka onse adzapume. Khadi la ubatizo likunena zoona, koma likuyankha funso limene palibe wafunsa.

Tsono werengani kalata yanu yomwe. Telegalamu inafika tsiku limodzi. Paxton anayamba pa 3. Mackford anayamba patatha masiku khumi ndi awiri. Kusiyana kwawo ndi kumeneko. Si Ursula, si Zomba, si makina otaipira.

Ndikudziwa kuti mawu amenewa akulasani, ndipo sindikuwanena kuti ndikuweruzeni. Kutsazika manda sikunali kulakwa. Mudzi ukusamuka, mwinimbumba aliyense akanafuna mwana wa malemu akhalepo pomanga chiliza cha bambo ake. Inu simunkadziwa kuti masiku amenewo adzawerengedwa. Koma Mackford ayenera kuti ankadziwa, kapena anadziwa atangofika n'kuona dzina lake pansi pa la mnzake. Munati anakuyang'anani nthawi yaitali. Wakhala nazo zaka zisanu ndi ziwiri osakutchulirani ngakhale kamodzi. Chimene akukubisirani ndi chimenecho, ndipo mlongo wanu anamudula pakamwa kuti musachimve muli pamaso pa mwana. Sanaopsezedwe. Akukutetezani.

Za chipewa musavutike nazo. Kaputeni wopuma sasankha womulowa m'malo ngati mmene zimakhalira kumudzi. Nkhani inali itatha kale mu ofesi, chipewa chinali chongokometsera phwando. Ndipo mndandanda umene mukuukayikirawo ndi umene unaikidwa kuti zimene zinakuchitikirani inu zisamachitike. Mukanakhala nawo pa ofesi yanu, woti aliyense akuuona, munthu wa ambulera uja akanapachika jekete yake pamsomali wachiwiri. Zimene anakuchitani zinali zopweteka, ndipo sindikuuzani kuti muiwale. Koma bala lanu musalimange pamwendo wa mwana amene akuyenda bwinobwino.

Onani pamene Mackford waima lero. Kaputeni mmodzi akapuma, mzere wonse umasuntha phazi limodzi: wa kumanja amapita kumanzere, wotsatira amafika kutsogolo, ndipo kumunsi kumatseguka malo a wophunzira watsopano. Ngati oyenera anali awiri ndipo Paxton wapita, amene ali kutsogolo kwa mzere tsopano ndi mwana wanu. Sindikulonjezani kuti chilimwe chamawa mpando ndi wake. Nthawi zina kampani imamuwonjezera wopumayo miyezi, nthawi zina imaitana wakunja, nthawi zina imachepetsa ndege, ndipo mpando umapita ndi mwini wake. Anthu akuyembekeza kuti bwalo limene likumangidwa ku Lumbadzi likatha maulendo achuluka, koma chiyembekezo si lonjezo. Kukayikira kwanu kukhale pamenepo, ndiye pamalo pake. Zikadzatero, woyenera kufunsa ndi Mackford mwini, polemba kalata ya dzina lake, ndipo adzakhala ndi mphamvu chifukwa fayilo yake ndi yoyera. Kufika kutsogolo kwa mzere kumangomupatsa mwayi woyesedwa. Pambuyo pake pali mayeso, pali dokotala, ndiye pali fayiloyo.

Kalata ya m'thumba mwanuyo ingalowe m'fayilo imeneyo. Kunena kuti woyendetsa ndege amamwa ali pantchito si miseche ya pamsika. Amamutsitsa tsiku lomwelo n'kuyamba kufufuza. Mkazi wa Paxton naye angamuimitse, pa mlandu umene kulibe. Ndipo inu mwavomera nokha kuti basi inadutsa, m'botolo simunaonemo. Ofufuza funso lawo loyamba lidzakhala lakuti, Paxton akagwa apindula ndani? Yankho ndi dzina limodzi. Lachiwiri lidzakhala la pepala. Pepala la buluu la adona a Kaputeni silipezeka mumsika wa Area 1, ndipo panyumba imeneyo pali wantchito mmodzi yekha amene ndi tsibweni wa dzina lija. Khukhi waona kale thumba lanu. Inu amene mwanyamula makalata zaka makumi awiri ndi zitatu, munaonapo kalata yopanda dzina imene mwini wake sanadziwike?

Mudzalumbira kuti Mackford sankadziwa, ndipo mudzakhala mukunena zoona, koma adzakukhulupirirani ndani? Pampando wa kumanzere amafuna munthu amene anzake angamudalire. Amene akuganiziridwa kuti anatuma atsibweni ake kukagwetsa mnzake sapatsidwa ndege, ngakhale atakhoza mayeso onse. Musaganizenso kuti Paxton akatsika ndiye kuti Mackford akwera m'mawa mwake. Kuphunzitsa kaputeni kumatenga miyezi, ndege sizidikira, ndipo njira yachidule ya kampani ndi kuitana wakunja. Mudzakhala mwamutsegulira nokha chitseko mlendo amene mukumuopayo. Ganizaninso za mwezi wamawa: anyamata awiriwa adzatsekeredwa m'kachipinda kamodzi m'mwamba, kumbuyo kwawo kuli amayi ndi ana a anthu. Pamenepo sipofunika chidani.

Chitani izi. Mawa potentha zinyalala za m'maluwa, iponyeni kalatayo pamoto, muimirire mpaka ithe. Musaing'ambire m'bini, chifukwa zotoledwa m'bini mukuzidziwa. Khadi la ubatizo libwerere m'kachitini.

Kenako muitaneni Mackford pa awiri, mayi ake kulibe, mumufunse funso limodzi lokha: iwe unalembedwa tsiku liti, Paxton tsiku liti? Musangokhulupirira ine, mumve kwa mwini wake. Akakuyankhani, musadzitchinjirize ndipo musadzigwetse pansi. Ingomuuzani kuti simunkadziwa, ndi kuti mwaona chimene anasenza. Munthu wamkulu kunena mawu otere kwa mwana wa mlongo wake sikuchepa. Mukatero mumufunse ntchito ya kumanja kuti imakhala yotani, chifukwa Che Sumaila anakunamizani theka. Wa kumanja nayenso amanyamutsa ndege ndi kuiteretsa, ndipo kaputeni akalakwitsa, womuuza kuti ayi bwana ndi iyeyo. Ku tchalitchi mungathe kuyambiranso kudzitama.

Kwa a Naphiri pitani mukawayamikire. Paxton ndi mwana wa mudzi woyandikana ndi wanu, midzi imene inakwezedwa palole kuti Likulu limangidwe. Mmodzi wa kumeneko wavala mizere inayi. Nsapato zatsopano zija muvale popita kumeneko, sizitha tsiku limodzi. Ndipo a Kaputeni asananyamuke, apempheni kalata yokuchitirani umboni pantchito ya maluwa. Ku Area 10, 12 ndi 43 nyumba zikumangidwa tsiku ndi tsiku, ndipo kapinga sadzitchetcha yekha.

Chenjezo langa ndi ili, bambo. Mawu anga akayamba kuzirala, maganizo aja adzabweranso, ndipo mudzapeza chifukwa china chatsopano chokayikirira, mwina mpaka kundikayikira ine. Zikadzatero, pitani kwa Mackford, osati ku positi. Lero mu Lilongwe monse muli munthu mmodzi yekha amene angamuchotse mwana wanu kutsogolo kwa mzere, ndipo munthuyo amamukonda kuposa wina aliyense. Munamuchedwetsa kamodzi musakudziwa, iye anakukhululukirani osakuuzani. Kachiwirika mukhala mukudziwa.

Aphungu.